Bawuti wa Ngolo ya Amalume

LOLEMBA

M'mawa.

Ndayamba kope latsopano, pakuti munthu wofuna kusintha dziko ayenera kusunga umboni wa ntchito zake. Sukulu yathu ya ukachenjede idakali yotseka chifukwa cha zionetsero zija, zimene chikalata chake ndinalemba ndine, ndipo sindichita nazo manyazi. Anzanga a kalasi ya zaumisiri ali m'tauni, akungotaya nthawi. Ine ndili kwathu kuno ku Golomoti, kumene sayansi ikufunika koposa.

Mmene zinthu zilili pakhomo pano:

1. Mpunga wa amayi unapunthidwa kale. Uli kudambo, kumunsi kwa Bwanje, ulendo wa ola lathunthu wapansi. Milu itatu, yofunditsidwa ndi mapesi ake omwe. Ndiwo chakudya chathu cha chaka chino, ndiponso mbewu ya chaka chamawa.
2. Dzulo kutchalitchi kunalengezedwa kuti Loweruka masana eni ng'ombe adzamasula ziweto zawo kuti zikadye zotsala m'minda, monga zimakhalira chaka ndi chaka. Amene sanatute, zake zimenezo.
3. Chotutira ndi ngolo ya amalume anga, a Gervazio, pamodzi ndi ng'ombe zawo ziwiri, Sitima ndi Bulaki. Maulendo anayi okha, ntchito yatha.
4. Tayala la kumanzere la ngoloyo limalira.

Mfundo yachinayiyi ndiyo yandisowetsa mtendere. Ndawauza amalume kuti kulira kwa tayala ndi chizindikiro chakuti chitsulo chikudyana ndi chinzake. Iwo, akumanga mtolo wawo kuti azikagona kumsasa kolondera mpunga, ayankha kuti: "Ngoloyo inayamba kulira iwe usanabadwe, muphwa wanga. Ikamalira nkhuku zimachoka panjira. Ndiye vuto lili pati?"

Vuto lili pomwepo. Mtundu wathu wazolowera kulira kwa zinthu, mpaka tikukutcha nyimbo.

Dongosolo langa: kuchotsa tayala, kupaka girizi, kubwezeretsa tayala. Theka la ola. Mawa kututa.

Masana.

Tayalalo limagwidwa ndi bawuti mmodzi wamkulu, wolowa kumapeto kwa ekiselo, chitsulo chachitali chija cholumikiza matayala awiri. Mutu wa bawutiyo ndi umene umaletsa tayala kuvuka. Ndikuika sipanala, ndikuzungulitsa chakumanzere, monga lamulo la mabawuti onse a dziko lapansi linenera: kumanja n'kumanga, kumanzere n'kumasula. Bawuti sakusuntha.

Ndikutenga paipi yaitali ya mjigo wakale, ndikuiveka pa sipanala. Mphamvu ya munthu imachuluka molingana ndi kutalika kwa chogwirira. Izi tinaphunzira chaka choyamba. Ndikulendewera ndi thupi langa lonse.

Thyo!

Mutu wa bawuti uli mu sipanala. Thupi lake latsala m'kati mwa ekiselo, lofanana ndendende ndi mlomo wa bowo, lopanda ngakhale pogwira ndi chikhadabo. Tayala, popanda wolipempha, lapendekeka pang'onopang'ono n'kugona pansi.

Amayi atuluka m'khitchini, ayang'ana tayala, ayang'ana ine. "Kulira kuja kwathadi," atero, n'kubwereranso m'khitchini.

Ndilembe momveka kuti mbiri isandinamizire: cholakwa ndi dzimbiri la zaka zambiri, ndiponso chitsulo chosalimba. Njira yanga inali yolondola.

LACHIWIRI

Ndachotsa ekiselo yonse pansi pa ngolo. Manati anayi oimangirira amasuka chakumanzere mosavuta, umboni wakuti lamulo lilipo ndipo likugwira ntchito. Ndaikweza pa wilibala ya amayi mpaka pamsika, kwa Che Twaibu, wowotcherera zitsulo yekhayo kuno.

Malo awo ndi chisakasa cha malata pafupi ndi chigayo. Makina awo ndi mawaya okulungakulunga, omizidwa m'chidebe cha mafuta akuda. Chotchingira maso ndi kagalasi kakuda komata pa katoni. Pambali, pansi pa mtengo wa nimu, pamakhala madoda anayi osewera bawo, amene ntchito yawo ikuoneka kuti ndi kuonerera ntchito za ena.

Che Twaibu ayang'ana bawuti wothyokayo, ayang'ananso ekiselo mbali zonse ziwiri, nthawi yaitali kuposa imene ine ndikuona kuti ndi yofunika. Kenaka afotokoza njira yawo. Pamwamba pa chitsa cha bawuti aikapo washala, kachitsulo kaphwatalala ka bowo pakati. Awotcherera washalayo ku chitsa kudzera pa bowolo. Pamwamba pake aikapo nati, n'kudzaza m'kati mwake ndi chitsulo chosungunuka, kuti bawuti akhale ndi mutu watsopano. Kutentha kwa motowo kumafufumitsa bawuti, ndipo akamazizira amanyala, dzimbiri n'kusweka.

Ndadabwa. Njira imeneyi ili m'buku langa, ndipo bamboyu sanalionepo bukulo. Ndawayamikira, monga mmene munthu wophunzira ayenera kulimbikitsira anthu wamba.

Awotcherera. Kunena chilungamo, dzanja lawo silinjenjemera. Tadikira kuti chizizire. Ndiye apa ndi pamene pabuka nkhani. Andipatsa sipanala n'kunena kuti: "Tsopano muzungulire uku." Chala chawo chikuloza kumanja.

Kumanja! Munthu wa imvi, wogwira zitsulo zaka zonsezi, sadziwa kumene bawuti amamasukira!

Sindikanatha kukhala chete, makamaka pamaso pa anthu, chifukwa umbuli ukalekereredwa pagulu umasanduka mwambo. Ndayankhula pafupifupi mphindi khumi za mazinga a bawuti, za mgwirizano wa maiko pa kapangidwe ka zitsulo, ndi za chifukwa chimene dziko lathu likutsalira m'mbuyo. Iwo anayamba kunena kuti, "Ekiselo iyi ndi ya lole yakale, ndipo mbali iyi..." koma ndawadula mwaulemu, n'kuwakumbutsa kuti lamulo la sayansi silifunsa zaka za lole.

Osewera bawo asiya kusewera.

Che Twaibu apukuta manja pa nsanza. "Mashallah. Ndiye tigawane ntchito, a Injiniya. Ine kuwotcherera, inu kuzungulitsa. Koma manati muzibwera ndi anu. Yanga inali imodzi yomweyo, ndapereka sadaka."

Ndavomera. Umu ndi mmene dziko liyenera kuyendera: manja kwa amanja, mutu kwa amutu.

Ndikuzungulitsa chakumanzere. Ndikuwonjezera paipi. Nati yaduka, yagubuduka mpaka pabawo.

Chigamulo changa: kuwotcherera kunali kosakhwima.

Pochoka andifunsa ngati ngoloyi ikufunika msanga. Ndayankha kuti sayansi sithamangitsidwa. Za mpunga sindinawauze, pakuti mmisiri akadziwa kuti uli pachangu amangokuphika pamwamba.

Madzulo.

Amayi ayenda makomo asanu kubwereka ngolo. Paliponse yankho ndi limodzi: aliyense akututa zake Loweruka lisanafike. Ndawatsimikizira kuti mawa masana adzamva ngolo ikubwera. Kenaka ndakumbukira kuti sadzaimva, popeza siidzalira. Ndawafotokozera zimenezi. Sanaseke.

LACHITATU

Magetsi kulibe.

Ndakhala pa chisakasa kuyambira m'mawa, kudikira. Chigayo chili zii. Che Twaibu akuwongola khasu ndi nyundo, osadandaula. Ndawafunsa ngati sakupsa mtima ndi mmene zinthu zikuyendera m'dziko muno. Akuti magetsi ali ngati mlendo wa kuchikazi: akabwera umamulandira, akachoka sumufunsa.

Mtima wotere ndi umene ndikulimbana nawo.

Kuti tsiku lisapite pachabe, ndalemba malamulo a bungwe limene ndikufuna kuyambitsa, la Achinyamata Okonda Sayansi a M'chigwa Chino. Zolinga zake:

(a) Kuthetsa kulira kwa ngolo zonse kuyambira ku Mtakataka mpaka ku Mua.
(b) Kuphunzitsa amisiri a m'misika mfundo zenizeni za ntchito imene akugwira mongoyerekeza.
(c) Kumasula amayi athu ku ukapolo wosenza katundu pamutu.
(d) Zina ndi zina.

Ndawerengera osewera bawo ndime zonse. Mmodzi wafunsa ngati pamisonkhano pazikhala tiyi. Wina wafunsa ngati bungwelo lidzayamba bawuti atatuluka kapena asanatuluke. Ndaona kuti funso lachiwirili lili ndi kachipongwe, choncho sindinaliyankhe.

Ndathira mafuta a nyale pa chitsa cha bawuti, katatu. Ndachigogoda ndi nyundo pang'ono kuti mafuta alowe. Bawuti akundiyang'ana ngati diso la nsomba youma.

Tsopano msika wonse ukunditcha a Injiniya. Ngakhale mayi wogulitsa zitumbuwa. Ndikulandira dzinali modzichepetsa, ngakhale kuti mwalamulo kwatsala zaka ziwiri.

Madzulo.

Ndapeza amayi akutula beseni la mpunga pakhonde, thukuta lili kamukamu. Apita kudambo kawiri lero, wapansi. Ndawadzudzula mwachikondi. Ndawauza kuti mabeseni awiri patsiku ndi kutunga nyanja ndi chikho, ndipo kusenza pamutu kumawononga mafupa a khosi; ndawawerengeranso cholinga (c).

"Wilibala yanga ili kuti?" afunsa.

Ndafotokoza kuti ili pamsika, yanyamula ekiselo, ndipo ntchito imeneyo ndi yofunika koposa.

"Ehe," atero amayi. Atenga mabeseni awiri aja n'kukawathira m'nkhali yaikulu ya kuchipinda kwawo, n'kuvundikira. Sindikumvetsa chifukwa chake mpunga wochepa chonchi ukupatsidwa ulemu wotere.

Kwatsala masiku awiri ndi theka. Ndi ambiri.

LACHINAYI

Magetsi abwera. Chigayo chikubangula, ndipo mtima wanga nawo.

Vuto laling'ono: manati. M'masitolo a pano muli tating'ono ta mipando. Aakulu akuti mpaka ku Dedza kapena ku Salima. Munthu wamba akanagwa mphwayi. Ine ndayang'ana pozungulira ndi diso la umisiri, ndipo ndaona kuti tayala la wilibala limagwidwa ndi manati awiri, aakulu bwino. Wilibalayo pakali pano ingoima. Ndi kubwereka chabe.

Kuyesa kwachiwiri.

Ndalamula kuti moto uwonjezedwe. Che Twaibu awonjezera osatsutsa. Nati yafiira ngati phwetekere. Tadikira. Andipatsa sipanala ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Mbali yomwe ija, a Injiniya?"

"Yomweyo."

"Inshallah."

Ndikulendewera pa paipi. Thyo. Nati yaduka, ndipo yatenganso kachidutswa ka bawuti. Chitsa tsopano chalowa m'kati pang'ono, ngati fulu wobisa mutu.

Amayi odikira pachigayo asiya matumba awo pamzere, abwera kudzaonerera. Ndawerenga anthu khumi ndi asanu ndi awiri. Ndagwiritsa ntchito mpatawu kufotokoza za kufufuma kwa zitsulo, koma zikuoneka kuti chidwi chawo chili pa nthawi imene ndimagwa chagada nati ikaduka.

Kuyesa kwachitatu.

Chitsa chalowa, choncho Che Twaibu ayamba achikweza kaye ndi madontho a chitsulo, dontho pamwamba pa dontho, akugogoda makoko akuda pakati pake, mpaka chatulukanso pamlomo wa bowo. Ntchito yoleza mtima, ndipo sanakhudze ekiselo ngakhale pamodzi. Washala. Nati yachiwiri ya wilibala. Kudikira.

"Mbali yomwe ija?"

Ndaloza kumanzere.

Ulendo uno ndapempha amuna awiri andithandize kukoka paipi. Ndinamva bawuti akusuntha! Anasuntha ndithu, pang'ono ngati tsitsi, kenaka anauma gwa kuposa kale, ndipo nati inaduka. Tonse atatu pansi.

Mmodzi wa osewera bawo, mkulu wa chipewa chong'ambika, wanena mokweza kuti: "Koma mwanayu pomanga ndi katswiri." Ena aseka. Ndikuganiza kuti amatanthauza kamangidwe ka mfundo zanga. Ndathokoza.

Zimene ndaphunzira lero:

1. Ndodo zowotcherera za kuno ndi zachabe.
2. Manati a wilibala ndi achabe.
3. Mwina, ndikubwereza mwina, Che Twaibu sakuika mtima wawo wonse pa ntchitoyi, chifukwa cha manyazi a Lachiwiri aja.

Wilibala yagwada pambali pa ekiselo, tayala lake latsamira khoma. Ndabwerera kunyumba chimanjamanja. Amayi afunsa za wilibala. Ndati ikupumula.

Uthenga wochokera kumsasa, kudzera mwa mayi woyandikana nafe munda: amalume akuti ng'ombe za anthu zayamba kale kuima m'malire a dambo, zikununkhiza. Akutinso Sitima ndi Bulaki, popeza zilibe ntchito, aziphatikiza ndi gulu la mudzi kuti zizidya pamodzi.

LACHISANU

M'mawa.

Njinga ya amalume ili kuseri kwa nkhokwe. Anaisiya chifukwa kudambo kuli matope. Tayala lake lakumbuyo lili ndi manati awiri. Ndi ang'ono, koma chitsulo chake n'cholimba. Ndabwereka onse awiri.

Ndinaganizanso zotenga mapedulo, kuti mwina zitsulo zake zingathandize. Pedulo ya kumanja yamasuka bwinobwino. Ya kumanzere yakana. Ndikamakoka chakumanzere ikungolimbirabe. M'mudzi muno ngakhale njinga ndi yosaphunzira. Ndaisiya.

Masana.

Che Twaibu avala mkanjo woyera ndi kachisoti. Lero ndi tsiku lawo la mapemphero. "Dikirani ndibwere kumzikiti, a Injiniya. Ola limodzi. Makinawo musawakhudze, amaluma alendo."

Ndimalemekeza chipembedzo cha munthu aliyense. Koma magetsi alipo tsopano, ndipo palibe akudziwa ngati adzakhalepo pakatha ola. Komanso mfundo yachitatu ya dzulo ija ikundivutabe. Kodi si nthawi yakuti mutu ugwirenso ntchito ya manja?

Ndayatsa makina.

Zimene buku silinena:

Choyamba, ndodo yowotcherera imakakamira pa chitsulo ngati nkhupakupa, ndipo makina amabuula.

Chachiwiri, kudzera pa kagalasi kakuda kaja suona chilichonse, ngakhale dzanja lako. Munthu sangagwire ntchito mumdima. Ndakaika pambali, n'kumangotsinzina pang'ono.

Chachitatu, chitsulo chosungunuka sichipita kumene ukuchituma.

Komabe ndalimbikira. Ndaika manati onse awiri, imodzi pamwamba pa inzake, ndathira chitsulo m'kati, kunja, ndi m'mbali, mopanda kuumira. Chatuluka ndi chinthu chachikulu ngati chulu cha chiswe. Chitazizira ndaika sipanala ndi paipi, ndalendewera.

Sichinaduke! Kwa nthawi yoyamba sabata ino, nati sinaduke. Ndatembenukira osewera bawo kuti aone kusiyana kwa ntchito ya sukulu ndi ntchito ya pamsika.

Sichinazungulirenso.

Che Twaibu abwera. Aima. Azungulira ekiselo kamodzi, manja kumbuyo, akweza mkanjo kuti usade. Kenaka anena ndi mawu ofatsa: "Mwakwatitsa nati ndi ekiselo, a Injiniya. Bawutiyo wangokhala nkhoswe."

Ndayang'anitsitsa. Ndi zoona kuti chitsulo changa chinasefukira n'kumata manati ku ekiselo yeniyeniyo, kuzungulira konse. Bawuti ali pansi pake, m'manda.

Akuti ukwati umenewu ungathe ndi girayinda yokha, makina opala chitsulo. Aitenga, ailumikiza. Yalira kamodzi, n'kuzima. Chigayo nachonso chazima.

Madzulo.

Maso. Muli ngati wina wathiramo mchenga wa mumtsinje n'kupondaponda. Misozi ikungotuluka yokha. Ndikufuna zidziwike kuti si kulira. Amayi adula mbatatesi yaiwisi, aika zidutswa pa zikope zanga, amanga ndi mpango. Ndayesa kunena kuti mankhwala amenewa alibe umboni wa sayansi. Andiuza kuti nditseke pakamwa, mbatatesi ingagwe.

Ikuziziritsa ndithu. Ndikulemba izi ndi diso limodzi, ndikusuzumira pansi pa mpango.

Mawa ndi Loweruka.

LOWERUKA

Sindingathe kulemba zambiri. Khosi.

Tambala atangolira amayi anali atamema kale amayi anzawo a mphakati wathu wa kutchalitchi, asanu ndi atatu, aliyense ndi beseni kapena dengu. Poyamba anafuna wilibala. Kenaka anapita kuseri kwa nkhokwe kukatenga njinga, ndipo ataikoka tayala lakumbuyo linatsala. Anangondiponyera nsalu yopota nkhata, ndi thumba.

Njira ya kudambo imadutsa pamsika. Amayi aima pa chisakasa cha Che Twaibu, beseni m'khwapa, n'kupereka moni bwinobwino. Kenaka afunsa ngati pali chiyembekezo chilichonse ng'ombe zisanamasulidwe masana ano, popeza mpunga wonse udakali kudambo.

Che Twaibu anali akumwa tiyi. Aika kapu pansi. "Mpunga uli kudambo? Ng'ombe lero? Mayi, bwanji simunanene?"

"Ndinatuma mwana," atero amayi.

Onse awiri andiyang'ana. Osewera bawo andiyang'ana. Maso anga anali ofiira kale, choncho panalibe chowonjezera.

"Sayansi sithamangitsidwa," atero Che Twaibu, osati kwa ine, koma kwa kapu yawo. Ndinaona kuti ulendo uno sakuseka. Anati magetsi akangobwera aigwira okha, ndipo ine ndisayandikire.

Ulendo woyamba: thumba pamutu. Nkhata yagwa kasanu. Mayi wina wa kwaya, amene anandiphunzitsa katekisimu ndili mwana, akuti: "Senzani, bambo, mutu wophunzira ndi waukulu, umalowa zambiri." Wina akufunsa ngati ku yunivesite amaphunzitsa kuyenda, chifukwa ndikutaya mpunga m'njira ngati ndikufesa.

Ulendo wachiwiri: amalume ali pamsasa, ndevu zitamera, chibonga m'manja. Andifunsa za ngolo. Ndati ili pafupi kutha. Afunsa za njinga, kuti bwanji sindinabwere nayo. Amayi ayankha m'malo mwanga: "Nayonso ikupumula, achimwene."

Ulendo wachitatu: milu iwiri yatha. Wachitatu tangouyamba. Dzuwa lafika paliwombo.

Tinamva mabelu ndi zikwapu kaye, kenaka fumbi. Ng'ombe za midzi itatu, zonse nthawi imodzi, kutsika m'dambo. Amalume ndi chibonga, amayi ndi zitenje, ine ndi thumba lopanda kanthu. Tinayesetsa. Koma ng'ombe yanjala ikaona mapesi a mpunga simva Chichewa. Zinakankha mapesi, zinapeza zili pansi pake, ndipo zina zinadya, zina zinapondereza m'matope.

Patsogolo pa gulu lonse panali Sitima ndi Bulaki. Zimadziwa njira ya kumunda kwathu kuposa ng'ombe ina iliyonse, ndipo zinali zitapuma sabata yathunthu.

Pa mulu wachitatu tapulumutsapo mwina theka, losakanikirana ndi dothi.

Chakumadzulo.

Ndikudutsa pamsika ndi thumba lomaliza, Che Twaibu andiitana. Magetsi anabwera mochedwa. Apala chulu changa chonse, akweza chitsa, aika washala ndi nati yawo ina, imene mwachionekere inalipo nthawi yonseyi. Yazizira kale. Andipatsa kasipanala kakang'ono, kopanda paipi.

"Uku," atero, chala kumanja.

Ndatula thumba. Ndaganiza kuti ndichite zimene akufuna, kuti aone okha pamaso pa mboni. Ndazungulitsa chakumanja ndi dzanja limodzi.

Bawuti watuluka ngati chivundikiro cha botolo.

Palibe anaseka, ndipo zimenezi zinapweteka koposa.

Che Twaibu amaliza chiganizo chimene anayamba Lachiwiri. Ekiselo iyi ndi ya lole yakale, ndipo mbali ya kumanzere mazinga ake anadulidwa mobwerera, dala, kuti tayala likamagubuduka lizimangitsa bawuti m'malo momumasula. "Ngati pedulo ya kumanzere ya njinga, a Injiniya. Wakabaza aliyense akudziwa."

Ndiye kuti kuyambira Lolemba ndakhala ndikumanga.

Atsegula kachitini ka pashelefu, atulutsa bawuti wina wa mazinga obwerera, wopakapaka mafuta. Akuti anamupatula Lachiwiri lomwelo.

LAMULUNGU

Misa yoyamba. Sindinathe kuweramitsa mutu pa nthawi yoyenera, khosi lauma. Amayi a mphakati akhala kumbuyo kwanga, ndipo ndimamva mapewa awo akugwedezeka.

Titaweruka, ine ndi amalume tabwezeretsa ekiselo ndi tayala. Girizi ndapaka, popeza ndi amene anayambitsa zonsezi ndipo kunali kupanda nzeru kumusiya. Bawuti watsopano ndamumanga chakumanzere. Dzanja langa limakana, koma ndalikakamiza.

Mmene zinthu zilili pakhomo pano:

1. Mpunga: milu iwiri ndi theka, pakhonde. Amayi auyeza ndi maso, akuti utifikitsa mwina Febuluwale, osati kukolola kwina monga zikanakhalira. Miyezi yotsalayo tidzaona. "Iwe udzakhala uli kusukulu," akutero, "ngati atsegula."
2. Theka linalo: lafika nalonso pakhomo. Lili m'khola, likubzikula. Amalume akuti pamapeto pake Sitima ndi Bulaki zatuta ndithu mpunga, kungoti zasankha zokha chotengera.
3. Mbewu: ndinaopa kufunsa, chifukwa ndimadziwa kuti inali pa mulu wachitatu. Amayi andilozera nkhali ya kuchipinda ija. Mabeseni awiri a Lachitatu. Akuti atangomva thyo Lolemba lija, anadziwa choyamba kupulumutsa.
4. Wilibala: pamsika, yogwada.
5. Njinga: kuseri kwa nkhokwe, ya tayala limodzi ndi pedulo imodzi.
6. Bungwe la Achinyamata Okonda Sayansi: layamba laima.

Ndatsegula buku langa. Nkhani ya mazinga obwerera ilimo, ndi chithunzi chomwe. Ili pa tsamba lotsatira pamene ndinalekezera tsiku limene tinayamba zionetsero.

Masana amalume anamanga ng'ombe kuti akatenge mphasa ndi miphika yawo kumsasa. Ngolo yanyamuka mwakachetechete, ngati mthunzi. Ndivomere kuti kwa kamphindi ndinanyada. Nkhuku yathadzi ya amayi, imene inali kusamba fumbi panjira monga yakhala ikuchitira moyo wake wonse, sinamve kanthu.

Tadya mpunga ndi nkhuku. Amayi anandipatsa khosi, akuti mwina lingathandize langali.

Amalume apempha kuti ndibwezeretse kulira kuja. Ndafufuza m'buku lonse, mulibe. Ndidzafunsa Che Twaibu, ndipo ndidzadikira mpaka amalize chiganizo.